Mbava Zachuluka, Kapena Zangoyamba Kugwidwa?

Usiku wa pa 13 Sepitembala 2013, a Paul Mphwiyo, amene panthawiyo anali mkulu woona za bajeti ku Unduna wa Zachuma, anawomberedwa ndi mfuti pachipata cha nyumba yawo ku Area 43 mumzinda wa Lilongwe. Anapulumuka, ndipo anakalandira chithandizo ku South Africa. M'masiku omwewo apolisi anayamba kupeza mitolo ya ndalama m'mabuti a galimoto ndi m'nyumba za ogwira ntchito m'boma, ena mwa iwo makalaliki wamba amene sakanasonkhanitsa ndalama zoterozo ngakhale akanasunga malipiro awo onse mpaka tsiku lopuma pantchito. Nkhani ya Cashgate inabuka choncho. Kwa miyezi ingapo ndiyo inkatsogola pa nkhani za m'mawa, za masana ndi za madzulo. Inkakambidwa m'minibasi, kuchigayo, ngakhale pasiwa. Pa 10 Okutobala mtsogoleri wa dziko, Mayi Joyce Banda, anachotsa nduna zawo zonse. Mayiko amene ankathandiza bajeti ya Malawi anaimitsa thandizo lawo.

Munthu amene ankamvera wailesi miyezi imeneyo akanalumbira kuti kusolola ndalama ku Capital Hill kunayamba chaka chomwecho. Lipoti loyamba linkaoneka ngati likumuvomereza. Kampani ya ku Britain ya Baker Tilly inaunika miyezi isanu ndi umodzi yokha, kuyambira Epulo mpaka Sepitembala 2013, ndipo kumayambiriro kwa 2014 inanena kuti ndalama zoposa K13 biliyoni zinatuluka m'njira zosayenera. Kabedwe kake kanali kosavuta kumva. Wina amalowa m'makina a kompyuta olipirira zinthu za boma, aja a IFMIS, n'kulemba cheke cha kampani imene sinagulitse boma ngakhale msomali. Cheke chija chikasinthidwa kubanki, iye amabwerera m'makinamo n'kufufuta zonse ngati palibe chachitika.

Akatswiri ena atabwerera m'mbuyo mpaka 2009, nkhani inasintha maonekedwe. Kampani ya PricewaterhouseCoopers inapeza K577 biliyoni zimene sizinkagwirizana pakati pa mabuku a boma ndi a banki, kuyambira 2009 mpaka 2014. Kauniuni wina wozama anatsitsa chiwerengerochi kufika pa K236 biliyoni. Si zonsezi zimene khoti linatsimikiza kuti zinabedwa, ndipo ndi bwino kunena zimenezo momveka. Komabe chinthu chimodzi chinaonekera poyera: mpata wotulutsira ndalama unali wotsegula zaka zingapo mfuti isanalire ku Area 43. Zaka zonsezo nyuzipepala zinkatuluka m'mawa uliwonse, mawailesi ankaulutsa nkhani, koma dzina loti Cashgate kunalibe.

Funso lagona pamenepa. Nkhani za katangale wa andale zikachuluka m'nyuzipepala ndi pawailesi, kodi ndiye kuti katangaleyo wachuluka? Nanga zikazilala, ndiye kuti mbava zalapa? Ambiri amayankha kuti inde, chifukwa muyeso umene ali nawo ndi makutu awo. Koma mnyamata wokumba mbewa amadziwa kuti akabwera nazo zambiri lero kuposa dzulo, sindiye kuti zaswana usiku. Mwina tchire lapsa ndipo mauna akuoneka, mwina lero anapita ndi anzake ndi makasu ambiri. Nkhani zimene zimafika kwa omvera ndi mbewa zimene zagwidwa. Zotsala kuuna palibe amaziwerenga.

Akuluakulu ena amakonda kunena kuti nthawi ya Kamuzu zoterezi kunalibe. N'zoona kuti sizinkamveka. Koma zikanamveka kudzera kuti? Wailesi inali imodzi, ya MBC. Kanema kunalibe mpaka 1999. Nyuzipepala zikuluzikulu, Daily Times ndi Malawi News, zinali m'manja mwa mtsogoleri yemweyo ndi chipani chake, ndipo kuyambira 1968 kunali bungwe la boma losefa zolembedwa. M'mwezi wa Meyi 1983, nduna zitatu, a Dick Matenje, a Aaron Gadama ndi a Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu wa Nyumba ya Malamulo a David Chiwanga, anapezeka atafa m'galimoto m'boma la Mwanza. Dziko linauzidwa kuti inali ngozi ya pamsewu. Anthu ankanong'onezana m'nyumba, koma mtolankhani amene akanalemba zina sakanagona kwawo. Panapita zaka zoposa khumi kuti komiti yofufuza, yotsogozedwa ndi woweruza milandu a Michael Mtegha, inene poyera kuti anthuwo anachita kuphedwa. Mlandu unazengedwa mu 1995, ndipo khoti linamasula a Kamuzu Banda ndi a John Tembo. Munthu amene angawerenge nyuzipepala za 1983 lero kuti aone milandu ya akuluakulu a boma apeza masamba oyera mbee, m'chaka chimene nduna zitatu zinaphedwa.

Kenako kunabwera kalata ya maepiskopi ya 1992, riferendamu ya 1993, ndi nyuzipepala zambirimbiri zimene zinkagulitsidwa m'misewu ya Blantyre ndi Lilongwe, kuphatikizapo The Nation imene inayamba chaka chomwecho cha 1993. Boma latsopano lisanathe n'chaka chomwe, nkhani ya makope a Field York inali itabuka, yokhudza kagulidwe ka makope a ana a sukulu za pulayimale zaulere. Nduna ya maphunziro ya nthawiyo, a Sam Mpasu, inadzapezeka yolakwa mu 2008, patapita zaka 14. Mwina ufulu wa zipani zambiri unabweradi ndi manja ambiri ofikira m'thumba la boma, ndipo ambiri amene anaona nthawi zonse ziwiri amatero. Koma unabweranso ndi makina osindikizira amene mwini wake sanali boma. Zinthu ziwirizi zinafika limodzi, ndipo pongowerenga mitu ya nkhani palibe angazilekanitse.

Dziko limene linasiya umboni wogwirika wa mtengo wa chete ndi Peru. Pamene a Alberto Fujimori ankalamulira, kuyambira 1990 mpaka 2000, mkulu wa akazitape awo, Vladimiro Montesinos, ankagula oweruza milandu, aphungu ndi eni nyumba zoulutsira mawu. Munthuyu anali ndi chizolowezi chodabwitsa: ankasainitsa anthu malisiti a ziphuphu, ndipo ankawajambula pa vidiyo akulandira. Zinthu zitasokonekera, akatswiri awiri a zachuma, John McMillan ndi Pablo Zoido, anatenga malisitiwo n'kuwerengera. Anapeza kuti mwini nyumba ya kanema ankalandira kuwirikiza pafupifupi ka 100 poyerekeza ndi zimene ankalandira woweruza kapena phungu. Montesinos ankadziwa chimene chikanamugwetsa, ndipo ndalama zake ankaziika pamenepo. Kwa zaka zambiri munthu woonera kanema ku Lima sankaona katangale wa boma, pamene katangaleyo anali pachimake. Panali kanyumba kamodzi ka kanema, ka Canal N, kamene sanakagule. Pa 14 Sepitembala 2000 kanaonetsa vidiyo ya Montesinos akuwerengera phungu wina wotsutsa, Alberto Kouri, madola 15,000 kuti alowe mbali ya boma. Pofika Novembala, a Fujimori anali ali ku Japan, kumene anatumiza kalata yotula pansi udindo pa fakisi.

Sikuti nthawi zonse pamafunika mfuti kapena chikwama cha madola. Nthawi zina boma limangotseka mpopi wa malonda. Ku Argentina, Rafael Di Tella ndi Ignacio Franceschelli anayeza masamba oyamba a nyuzipepala zinayi zikuluzikulu kuyambira 1998 mpaka 2007. Anapeza kuti nyuzipepala ikapatsidwa ndalama zambiri zotsatsira malonda a boma, malo a nkhani za katangale wa boma patsamba loyamba ankachepa. Kwathu kuno, mu 2010 boma la a Bingu wa Mutharika linaletsa maunduna ndi nthambi zake kutsatsa malonda mu nyuzipepala za kampani ya Nation. M'dziko limene boma ndiye kasitomala wamkulu, mkonzi aliyense anamva uthengawo, ngakhale amene sanauzidwe. Ndipo pansi penipeni pali mtolankhani wolandira malipiro ochepa, amene akamaliza msonkhano wa atolankhani amapatsidwa envelopu ya chipondamthengo ndi anthu omwewo amene amayenera kuwafunsa mafunso ovuta.

Ngakhale kumene atolankhani ali pa ufulu ndipo amalipidwa bwino, nkhani imalimbirana malo ndi inzake. Tsamba loyamba ndi limodzi, ndipo nkhani za pawailesi zili ndi mphindi zake. Katswiri wa zandale wa ku America, Brendan Nyhan, anaunika nkhani zochititsa manyazi za atsogoleri a dzikolo mu nyuzipepala ya Washington Post kuyambira 1977 mpaka 2008. Anapeza kuti nkhani zotere zimabuka kwambiri pa nyengo ziwiri: pamene otsatira chipani chotsutsa aipidwa kwambiri ndi mtsogoleri, ndiponso pamene kulibe nkhani zina zikuluzikulu zodzaza masamba. Kukagwa nkhondo, chivomezi kapena ngozi yaikulu, cholakwa chimene chikanagwedeza boma chimadutsa anthu akuyang'ana kwina. Andale amazidziwa zimenezi kuposa akatswiri. Pa 11 Sepitembala 2001, ndege zitangowomba nyumba zitalizitali za ku New York, Jo Moore, mlangizi wa nduna ina ku Britain, analembera anzake a muofesi kuti limenelo linali tsiku labwino lotulutsira nkhani iliyonse imene ankafuna kuti ikwiririke. Uthengawo unaululika, ndipo iye anasiya ntchito mu Febuluwale 2002. Anzake ochita zomwezo osalemba pansi sanagwidwe.

Akatswiri enanso, Riccardo Puglisi ndi James Snyder, anayang'ana nyuzipepala pafupifupi 200 za ku America ndi milandu 32 ya andale. Nyuzipepala zokondera chipani cha Democratic zinkalemba kwambiri milandu ya a Republican, ndipo zokondera Republican zinkachita chimodzimodzi ndi a Democratic. Mlandu womwewo, kukula kwake kunkadalira nyuzipepala imene munthu wagula.

Palinso nkhani ya mtundu wa cholakwacho, ndipo chitsanzo chake chokoma chinachitika ku Britain m'mwezi umodzi. Pa 8 Meyi 2009, nyuzipepala ya Daily Telegraph inayamba kusindikiza zimene aphungu a ku London ankapempha kuti boma liwabwezere. Zambiri zinali zokhudza nyumba zawo, koma chimene dziko lonse linagwira ndi cha phungu mmodzi, Peter Viggers, amene anapempha mapaundi 1,645 a kanyumba ka abakha koyandama padziwe la kunyumba kwake. Aliyense akanatha kukaona m'maganizo kanyumbako. Nkhaniyo inalamulira masamba oyamba kwa sabata zingapo, sipikala Michael Martin anatula pansi udindo, ndipo aphungu angapo anakalowa m'ndende. Chizolowezi chopempha ndalamazi chinalipo zaka zambiri. Chimene chinali chatsopano mu 2009 ndi chimbale cha kompyuta chokhala ndi malisiti chimene chinafika m'manja mwa atolankhani.

M'mwezi womwewo wa Meyi 2009, magazini ya za makompyuta yotchedwa Computer Weekly inalemba za oyendetsa mapositi ofesi ang'onoang'ono amene ankaimbidwa milandu yakuba, pamene vuto linali m'makina owerengera ndalama a Horizon. Pakati pa 1999 ndi 2015 anthu oposa 900 anazengedwa milandu chifukwa cha makinawo. Ena anamangidwa, ena anagulitsa nyumba kuti abweze ndalama zimene sanabe, ndipo ena anamwalira mayina awo asanayeretsedwe. Koma nkhani ya makina olakwitsa masamu ndi yovuta kuifotokoza m'mphindi ziwiri, ndipo ilibe abakha. Atolankhani ochepa anaikakamira kwa zaka zambiri, makhoti anaweruza, komabe dziko silinatekeseke mpaka Januwale 2024, pamene kanema ya ITV inaonetsa sewero la nkhaniyi. Pasanathe sabata ziwiri, nduna yaikulu Rishi Sunak inalengeza lamulo lofafaniza milanduyo.

Amalawi anaona zofanana nazo mu 2021, pa nkhani ya K6.2 biliyoni za Covid-19. Lipoti la kauniuni linatchula zambiri: kagulidwe kosatsata malamulo, maalawansi osayenera, ndalama zopanda malisiti m'maunduna ndi m'makhonsolo. Koma mutu umene unayenda kwambiri ndi wa nduna ya zantchito, a Ken Kandodo, amene anachotsedwa paudindo chifukwa cha ndalama zongopitirira pang'ono K600,000 za ulendo wa ku South Africa. Nduna ili ndi dzina ndi nkhope. Mabiliyoni omwazikana m'maofesi makumimakumi alibe.

Ndiyeno ndani amatulutsa mapepala? Kawirikawiri si mngelo. Ndi mnzawo amene wamanidwa gawo lake, kapena amene wachotsedwa pampando, kapena boma latsopano limene latsegula makabati a boma lakale. A Bakili Muluzi anamangidwa koyamba mu 2006, patangopita chaka a Bingu wa Mutharika atatuluka m'chipani cha UDF, ndipo mlandu wa K1.7 biliyoni unakhala m'khoti mpaka boma linauthetsa mu 2023. Ku Zambia, a Frederick Chiluba anachotseredwa chitetezo cha mtsogoleri wakale mu 2002, pansi pa a Levy Mwanawasa amene iwo eni anawasankha kuti awalowe m'malo. Khoti la ku London linawapeza olakwa pa mlandu wobweza ndalama mu 2007, la ku Lusaka linawamasula mu 2009. Izi sizikutanthauza kuti milandu yotere ndi yabodza. Zikungoonetsa kuti tsiku limene nkhani imatuluka limasankhidwa ndi mkangano wa akuluakulu, ndipo chipani chimene chikudyera pamodzi mwamtendere chimatha kuoneka choyera kwa zaka. Paja amati wakuba ndi wogwidwa.

Nanga pali njira yodziwira kuchuluka kwenikweni? Mndandanda wotchuka wa bungwe la Transparency International, umene unayamba mu 1995 ndipo umalengezedwa chaka ndi chaka, suwerenga ndalama zobedwa. Umasonkhanitsa maganizo a akatswiri ndi anthu a bizinesi, ndipo anthu amenewa nawonso amawerenga nyuzipepala. Dziko likhoza kutsika pamndandandawo chifukwa chakuti lagwira mbava n'kuzilengeza.

Benjamin Olken anayesa njira ina ku Indonesia. M'midzi yoposa 600 imene inapatsidwa ndalama zomangira misewu, anatumiza mainjiniya kukakumba misewuyo, kuyeza miyala ndi mchenga zimene zinalowadi pansi, kufunsa mitengo kwa ogulitsa, n'kuyerekeza ndi zimene zinalembedwa m'mabuku. Pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a ndalamazo silinkaoneka. Anafunsanso anthu a m'midzimo ngati akuganiza kuti pabedwa. Mayankho awo ankagwirizana pang'ono chabe ndi zimene mainjiniya anapeza. Anthu ankazindikira mtengo wa thumba ukakwezedwa, koma osati matumba akachepetsedwa, ndipo akubawo ankabera kumene anthu saona.

Chitsanzo chimene chiyenera kusangalatsa anthu a wailesi ndi cha ku Brazil. Mu 2003 boma la dzikolo linayamba kusankha makhonsolo oti awunikidwe mwa maere, pamaso pa anthu, ngati mmene amachitira mpikisano wa lotale. Khonsolo imene nambala yake yatuluka inkalandira gulu la akatswiri oona mabuku, kaya meya wake ndi wa chipani cholamula kapena chotsutsa, kaya wina wadandaula kapena ayi. Popeza maere sasankha nkhope, zotsatira zake zinapereka chithunzi chapafupi ndi choona, ndipo m'makhonsolo oposa theka munapezeka katangale.  Claudio Ferraz ndi Frederico Finan anayerekeza makhonsolo amene malipoti awo anatuluka chisankho cha 2004 chisanachitike ndi amene anatuluka chitadutsa. Meya wopezeka ndi zolakwa zambiri, lipoti lake likatuluka chisankho chisanachitike, mwayi wake wosankhidwanso unkatsika. Ndipo unkatsika kwambiri kumene kunali wailesi ya m'dera, imene inkawerengera anthu zimene zinali m'lipotimo. Mameya amene anapezeka opanda banga nawonso anapindula kumalo oterowo, chifukwa ovota anamva za iwo.

Malawi alibe maere otere, koma ali ndi mkulu wolondoloza ndalama za boma amene amapereka malipoti ku Nyumba ya Malamulo, ndi komiti ya aphungu yoona za kayendetsedwe ka chuma cha boma imene imaitana alembi a maunduna ndi mabwanamkubwa kudzayankha. M'malipotimo mumabwerera zinthu zomwezomwezo chaka ndi chaka: malipiro opanda zikalata, mafuta a galimoto osalembedwa, katundu wogulidwa amene sanalowe m'buku la nyumba yosungira, ntchito zachitukuko zolipiridwa koma zosamalizidwa. Ndi mabuku okandapala, olembedwa m'Chingerezi cha akatswiri, ndipo nthawi zambiri amatuluka mochedwa, anthu atayiwala chaka chimene akunena. Amalowa m'nkhani tsiku limodzi kapena awiri. Kuyambira pa 30 Sepitembala 2020 pali lamulo lopatsa aliyense ufulu wopempha zikalata m'maofesi a boma, ndipo mawailesi a m'madera monga Mudzi Wathu ku Mchinji, Dzimwe ku Mangochi ndi ya ku Nkhotakota amamveka m'midzi momwemo mmene milatho ndi midadada ya sukulu yotchulidwa m'malipoti a makhonsolo inayenera kumangidwa.